Khoma Losafika Kudenga

Nyumba za makalaliki za ku Naperi, m'masiku a Chitaganya aja, zinali ndi khomo limodzi lokha. Amene anazimanga sanaganizeko za apongozi. Munthu ukalowa unkafikira pabalaza, kuseri kwa balazalo n'kukhala chipinda chogona, ndipo pakati pa ziwirizi panali khoma losafika kudenga. Wina akatsokomola kuchipinda, wa pabalaza ankatha kudziwa ngati chifuwacho chinali chouma kapena chamakhololo.

M'nyumba ina yotere munkakhala Vitalis, kalaliki wa pakampani ina yogulitsa zitsulo ku Ginnery Corner, pamodzi ndi mkazi wake Lines. Vitalis anali mwana wa m'tauni momwemo, ndipo bambo ake nawonso adakalambira padesiki. Lines kwawo kunali ku Phalombe, kumene agogo ake adafikira pothawa chibalo cha Apwitikizi. Anthu akwawoko mwambo ankaugwira ndi manja awiri. Tsiku la ukwati ankhoswe adamukhazika pansi Vitalis n'kumuuza mosapsatira kuti mai obala mkazi wako suwayang'ana kumaso, sudutsana nawo pakhomo, ndiponso suwayankhula. Mukakumana panjira, wina apatukire kutchire. Vitalis adavomera mosavuta, poti Phalombe ndi kutali.

Koma chaka chimenecho, dzinja lili mkati, Phalombe inabwera yokha ku Naperi. Lines anali ndi pathupi pake poyamba, mwezi wake uli pafupi, ndipo mai ake, a Esnat, anatulukira atasenza dengu, thadzi lofiira lili m'khwapa. Anabwera kudzatenga mwana wawo kuti akachirire kumudzi, m'manja mwa azamba amene adamulandira iye mwini pobadwa. Anayala mphasa yawo pabalaza, pafupi ndi khomo, n'kumangirira thadzi lija kumwendo wa tebulo. Kuyambira tsiku limenelo Vitalis anayamba kutulukira pazenera.

M'mawa uliwonse ankavala malaya oyera, kumanga tayi, kuponya nsapato panja, kenako n'kutulutsa mwendo umodzi, wina pambuyo. Ndipo m'mawa uliwonse a Laban, mmisiri wa njinga woyandikana naye nyumba, ankakhala ali pakhonde, mswachi uli kukamwa, kudikira chionetserocho.

"Mwadzuka bwanji, a kalaliki? Kodi nyumba yanuyo khomo analiika m'mwamba?"

"Tadzuka, a Laban. Tsitsani mawu."

"Nditsitse mawu ine? Inu tsitsani mwendo winawo, buluku lingang'ambike. Tayi pakhosi, matako pazenera! Tsiku lina apolisi adzakugwirani mukuba m'nyumba mwanu momwe."

Zenera lokha likanakhala vuto, Vitalis akanapirira. Chimene chinkamudya mtima chinali china. Sabata imene apongozi ankafika, Lines anali atapita kukayezetsa kuchipatala chachikulu chatsopano, ndipo namwino wina dzina lake Felicia, amene ankapemphera mpingo umodzi ndi Vitalis, anamugwiragwira pamimba n'kukwinya nkhope. Mwana anali atagona chopingasa. Namwinoyo ananena kuti mwina angatembenuke yekha, koma akapanda kutembenuka padzafunika dokotala, ndipo tsiku limenelo Lines asadzakhale kutali ndi chipatala. Kumudzi kwa Lines, mvula ikagwa, mitsinje inkadzaza mpaka ngolo yomwe osawoloka.

Lines anawauza mai ake. Iwo anayankha kuti mwana amatembenuka akamva manja a azamba, ndipo kuti iyenso adabadwira pamphasa koma ali ndi miyendo yake yonse. Anawauzanso tsiku lina, iwo n'kungomuyang'ana mpaka mawu anamuthera pakhosi.

"Yesanso," ankanong'ona Vitalis kuchipinda, pakamwa pali pakhutu pa mkazi wake chifukwa cha khoma lija.

"Ndiyesenso bwanji, bambo? Akandiyang'ana ndimasanduka kamwana. Ndi mai anga. Ndiponso inenso ndikuwafuna pafupi tsiku limenelo. Inu mukuganiza kuti sindikuopa?"

"Nanga ine ndichite chiyani?"

"Inu ndiye musayerekeze n'komwe. Mukangowayankhula anena kuti mwawalaula, ndipo akanditenga sindibwereranso."

Vitalis anapalasa njinga mpaka ku Limbe, kwa a Yona, malume ake a Lines, amene ankanyamula katundu kunjanji. Iwowo ndiwo anali nkhoswe ya kuchikazi, ndiye mawu a mkamwini ankayenera kudzera mwa iwo. Anawapeza atakhala pathumba la mchere, akudya chinangwa chootcha. Anamvetsera nkhani yonse, akugwedeza mutu, kenako anapukuta m'manja pabondo.

"Bambo, ine ndine nkhoswe ya ukwati, si ya chikuta ayi. Za mimba ndi za akazi. Ndiponso mlongo wangayo, musandione ndevuzi, ngakhale ine ndimamuopa. Wandituma kale kwa Mohamedi, woyendetsa lole ya mmwenye uja wa kumsika. Lamulungu masana akupita ku Phalombe, ndipo malo awiri akutsogolo wasunga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, bambo. Ingopempherani."

Choncho njira zonse zinatsekeka, ndipo chinamupweteka koposa Vitalis n'chakuti iye anali munthu wa mawu. Masiku amenewo ankakonzekera mayeso a anthu ofuna kukhala otanthauzira m'makhoti. Akaweruka kuntchito ankapita kusukulu ya madzulo, kumene aphunzitsi okalamba, a Gracian, ankawaphunzitsa Chinyanja cha m'mabuku, chosasakaniza ndi Chingerezi cha m'maofesi. Vitalis ankachinyadira Chinyanja chimenecho ngati suti yatsopano. Mwezi umenewo anali pamutu wa ntchito za chiyankhulo, umene a Gracian ankati sulephera kubwera pamayeso.

"Powerenga muziwerenga mokweza," ankatero aphunzitsiwo, "kuti khutu lanu lizimva zimene pakamwa panu pakunena. Ndipo pa ntchito iliyonse mupeke chitsanzo chanuchanu, cha kunyumba kwanu. Chitsanzo cha m'buku ndi nsomba youma. Woyesa wazidya zambiri, zamukola."

Vitalis ntchitozo ankazidziwa pamtima. Chiyankhulo chimadziwitsa, chimalamula, chimafunsa, chimalonjera ndi kumanga ubale, chimatulutsa zakukhosi. Ankatha kuzitchula chammbuyo. Koma munthu wofuna kudzanyamula mawu a anthu ena m'khoti ankalephera kuwolotsa mawu ake enieni pakhoma lalifupi la m'nyumba mwake.

Apongozi okha ndiwo anali ndi njira yawo. Lines akakhala kuti wapita kumpope, iwo n'kukhala ndi chonena kwa mkamwini, ankayankhula ndi thadzi lija. "Thadzi iwe," ankatero mokweza, "madzi a kubafa akuzizira." Kapena, "Thadzi iwe, denga la anthu ali pantchito likudontha pakona apa, sindikudziwa ngati eni ake akudziwa." Vitalis ankamva, n'kuchita zimene thadzi lauzidwa. Koma kuchipinda kunalibe thadzi loti iye ayankhirepo.

Lamulungu linafika. Vitalis anapita ku Misa yoyamba, osamva ngakhale liwu limodzi la ulaliki, ndipo atabwerako analowera pazenera monga mwa masiku onse. Katundu wa Lines anali atamangidwa kale m'nsalu. Lines mwini anaima pakhomo la chipinda, maso ali ofiira, nati akukatsazika akazi a Laban. Atangotuluka, kumwamba kunada kuchokera kuphiri la Soche, ndipo mvula inakhuthuka ngati wina wapendeketsa mtsuko. Madzi anayamba kuwazira pabedi. Vitalis anakankha zenera mwamphamvu n'kulitseka.

Anakhala pabedi kwa kanthawi, kenako anaganiza zothamangira ku Limbe kuti akagwade kwa Mohamedi, mwina anganamizire kuti lole yafa. Nzeru yake inali yopusa, ndipo iye ankadziwa, koma inalibe inzake. Anavala jekete n'kukankha zenera. Silinasunthe. Matabwa anali atafufuma ndi mvula ya sabata yonse, ndipo mmene analimenyera muja linali litalumana ndi felemu. Analikankha ndi phewa, analigogoda ndi chidendene cha nsapato, analowetsa mpeni m'mphepete. Zenera linangoti nga.

Kutsogolo kunali apongozi, atakhala pakhomo penipeni. Kumbuyo zenera. Pamwamba malata akulira. Vitalis anayang'ana makoma anayi aja, namva ngati akusendera kwa iye. Mvula ikangokata, Lines abwera, asenza katundu, ndipo iye amva mapazi awo akutuluka, osatha ngakhale kuwaperekeza.

Posowa chogwira, anatola buku lake pampando. Sanafune kuwerenga, anangofuna kumva liwu la munthu m'chipindamo. Anatsegula pamutu uja n'kuyamba mokweza, monga a Gracian ankanenera.

"Ntchito yoyamba ya chiyankhulo ndi kudziwitsa. Woyankhula amapereka uthenga umene womvera sanali kuudziwa. Chitsanzo: sitima ya ku Beira inyamuka mawa."

Nsomba youma. Anatseka maso kuti apeke chitsanzo cha kunyumba, ndipo chimene chinabwera pakamwa chinamudzidzimutsa iye mwini. Anayang'ana mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Kodi munthu wowerengera mayeso m'chipinda chake walaula ndani? Sakuyankhula ndi wina aliyense. Akuyankhula ndi buku, monga ena amayankhulira ndi nkhuku.

Anakonza kukhosi, naimirira ngati ali kale m'khoti.

"Chitsanzo china. Namwino wa kuchipatala chachikulu wapeza kuti mwana wagona chopingasa, ndipo walangiza kuti mai woyembekezerayo asachoke m'tauni, chifukwa..."

"Thadzi iwe."

Liwu la apongozi silinali lokwera, koma linadutsa phokoso la malata. Vitalis anaima pomwepo.

"Thadzi iwe, ndiuze. Kodi kusukulu amaphunzitsa kuti nkhani iziyamba moni asanaperekedwe? Munthu wachoka kutali, wagona pansi sabata yathunthu, sanamvepo ngakhale buku likufunsa kuti kumudzi mwasiyako bwanji. Lero bukulo latsegula pakamwa, layambira pachopingasa."

Vitalis anamva nkhope ikutentha. Koma pansi pa manyaziwo panali kachimwemwe: ayankha. Sanakuwe, sanaitane Lines, sanati alaulidwa. Anatembenuza tsamba mwaphokoso kuti amve kuti akuwerengadi.

"Ntchito ina ya chiyankhulo," anatero, "imene wophunzira wopusa anailumpha, ndi kulonjerana. Apa mawu sanyamula uthenga watsopano, koma amalambula njira pakati pa anthu. Chitsanzo: mwadzuka bwanji, mai? Kumudzi munasiyako bwanji? Nanga msana, ndi pansi pozizirapo?"

Pabalaza mphasa inalira, kusonyeza kuti munthu wakhala bwino.

"Thadzi iwe, ukamva wina akufunsa, uziti tadzuka. Kumudzi chimanga chamasula, koma anyani avuta. Msana ndi wa nkhalamba, sufunsidwa. Kaya eni nyumba, ndi ntchafu zokwerakwera mazenerazo?"

"Chitsanzo cha yankho: eni nyumba adzuka, ntchafu zazolowera."

Anamva kamphuno kakang'ono, ngati ka munthu wobisa kuseka. Apo Vitalis analimba mtima. Anabwerera kuntchito yodziwitsa ija, koma tsopano anasiya liwu la m'khoti. Anafotokoza pang'onopang'ono zimene Felicia adanena, za mwana amene angatembenuke kapena osatembenuka, za dokotala amene amatha kumutulutsa mai ndi mwana onse ali moyo, za mitsinje ya ku Phalombe ndi ngolo yosawoloka. Chiganizo chilichonse ankachiyamba ndi mawu akuti "chitsanzo", ngati munthu woodira pakhomo lililonse.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayankha, ndipo mawu awo anali atauma.

"Thadzi iwe, ife kwathu timadziwa chimene chimapingasitsa mwana. Mwana sapingasa chabe. Zikatero azamba amaitana bambo wake n'kumufunsa kumene anaponda mkazi wake ali ndi pathupi. Akaulula, njira imatseguka. Tsono ine ndikamva mwamuna wa m'tauni, wa tayi, woweruka mochedwa, akukakamira chipatala, ndimadzifunsa: kodi akuthamangira dokotala, kapena akuthawa mafunso?"

Mawuwo anamulasa Vitalis ngati munga wa pansi pa phazi. Iye amene madzulo onse ankakhala pabenchi la ana, mawondo akugunda desiki, kuti Lines adzadye bwino! Anamenya buku pabondo.

"Ntchito ina ya chiyankhulo ndi kulamula!" anakuwa. "Chitsanzo: Lines sapita kulikonse. Nyumba ino ndi yanga, mkazi ndi wanga, ndipo ndanena!"

Atangotseka pakamwa anadziwa kuti waponda pamoto. Anamva apongozi akuimirira, mawondo akulira. Anamva dengu likukokedwa, mfundo ya nsalu ikumangitsidwa ndi mano. Thadzi linalira, kusonyeza kuti likumasulidwa kumwendo wa tebulo.

"Tiye, thadzi," anatero apongozi motsitsa. "Tambala wa kuchipinda walira. Kwathu timati mkamwini asamakule mwendo, koma kuno ndi kwa eni ake. Tikadikirire mwana wanga pakhonde la anthu ena."

Chitseko chakunja chinatseguka, phokoso la mvula n'kulowa m'nyumba monse. Vitalis anaima pakati pa chipinda, buku lili m'manja. Chitseko cha chipinda chinali pomwepo, chosakhoma. Akanatha kuchikankha ndi chala chimodzi. Koma kuchitsegula kukanakhala kumutaya Lines mpaka kalekale. Anakhala pansi, pasimenti, msana atatsamira khoma lomwe lija, ndipo mawu amene anatuluka sanawakonze.

"Ntchito ina ndi kutulutsa zakukhosi. Chitsanzo: ndikuopa."

Chitseko chakunja sichinatsekedwe, komanso mapazi sanatuluke.

"Chitsanzo: ndikuopa, mai. Sindigona. Ndikamumva akutembenuka pabedi ndimayamba kuona mitsinje. Ndimaona munthu akubwera panjinga kuntchito kwanga, atavula chipewa, ndipo ine ndikudziwa kale chimene wadzanena. Wophunzira uja analamula chifukwa cha mantha, si mwano ayi, ndipo chitsanzo chimenecho wachifufuta. Za kuponda kwina, chikwatirire sanaponde. Ngati azamba akufuna kumufunsa, abwere adzamufunse pamaso pa a Yona, pamaso pa ansembe, ngakhale pamsika wa Limbe. Ayankha. Koma adzamufunse mkazi wake ali pafupi ndi dokotala."

Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. Bukulo tsopano linali pansi, lotseka. Patapita nthawi anamva chitseko chikubwezedwa pang'onopang'ono, ndipo wina anakhala pansi tsidya lina la khoma, pafupi kwambiri, mwakuti ankamva kupuma kwake.

Vitalis anakumbukira kuti yatsala ntchito ina imene sanaigwiritse, imene akanayenera kuyambira kalekale.

"Chiyankhulo chimafunsanso," anatero motsitsa. "Chitsanzo: kodi chipatala chinakulakwirani chiyani?"

Pamene apongozi anayamba kuyankhula, liwu lawo linali la munthu wina.

"Thadzi iwe, sunamuone Idah. Anali mkulu wake wa Lines, woyamba kubadwa. Anakwatiwa kuminda ya tiyi, ndipo nthawi yake itakwana mwamuna wake anati chipatala, chipatala, ngati mmene ena akuneneramu. Ine ndinamuperekeza. Pakhomo anandiimitsa. Anati dikirani panja, mai. Ndinadikira pansi pa mtengo. Ndinkamumva akundiitana, amai, amai, ine ndili panja ngati galu. Amene ankatuluka ndikawafunsa ankayankhulana Chizungu okhaokha n'kudutsa. Mawu aja atasiya ndinati wagona. Kunabwera munthu wosesa, ndiye anandiuza. Wosesa, thadzi iwe, tsache lili m'manja."

Anapuma. Thadzi linalira pang'ono, ngati lafinyidwa.

"Masiku ano akuti zipatala zili m'manja mwa a Chitaganya, akuti uku, akuti uku. Ine zimenezo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti uyu akamadzandiitana, ndidzakhale ndamugwira dzanja. Akafuna kupita, apite ndikumuona. Pansi pa mtengo sindidzakhalanso."

Vitalis anali atamvapo kuti Lines anali ndi mkulu wake amene adamwalira, koma zambiri sankazidziwa, poti Lines panthawiyo anali wamng'ono ndipo pakhomo pawo dzinalo silinkatchulidwa. Tsopano anaona kuti sabata yonseyi ankakankha chitseko cholakwika. Ankafuna kuwadziwitsa apongozi za ngozi, pamene iwo ngoziyo ankaidziwa kuposa iye.

Panabwera chiyeso chowalonjeza zonse, kuti adzalowa paliponse, kuti palibe adzawaimitse. Mawu otero akanatha kuimitsa ulendo. Koma anadziwa kuti bodza lake likadzaululika pakhomo la chipatala, sipadzakhalanso buku kapena nkhuku yowayanjanitsa.

"M'buku muno mulibe," anatero, "koma chiyankhulo chimalonjezanso. Chitsanzo: wophunzirayu sanganame kuti mai adzalowa m'chipinda cha dokotala, chifukwa mmenemo ngakhale iye sadzalowa. Koma namwino uja, Felicia, ndi wa mumpingo mwathu, ndipo amayankhula Chinyanja ngati ife. Mawa wophunzirayu apempha tchuthi kuntchito. Lines apite ndi mai ake akaone chipindacho ndi maso awo, akaone pogona, akaone pamene odikirira odwala amakhala, ndipo namwinoyo awauze kumaso kuti adzafika pati ndipo adzalekeza pati. Tsiku lenilenilo wophunzirayu adzaima pakhomo. Mawu alionse a Chizungu otuluka mmenemo adzawatembenuza nthawi yomweyo, abwino kapena oipa. Adzauza khoma, mtengo, chilichonse chimene chidzakhale pafupi, koma mai adzamva. Sadzamvera kwa wosesa."

Mvula inali itayamba kuchepa. Madontho a pakona paja ankagwera m'beseni limodzilimodzi. Vitalis anadikira, manja ali pamutu. Kunja, kwa a Laban, kunamveka liwu la Lines likutsazika.

"Thadzi iwe," anatero apongozi potsiriza, "wapulumuka ulendo wa lero. Ubwerere kumwendo wa tebulo. Mawa tikachione chipatala chawocho. Ndikakapeza kuti ndi nkhani ya pansi pa mtengo yomwe ija, mkati mwa sabata muli basi ya ku Phalombe, ndipo buku lililonse lidzangotseka pakamwa."

"Chitsanzo cha kuthokoza..." anayamba Vitalis.

"Thadzi iwe, uwauze asathe zitsanzo zonse lero, asungeko za pamayeso. M'malo mwake wina athamangire ku Limbe akamuuze Mohamedi asatidikire. Mwana wa eni ake angaime pamsika mpaka madzulo."

Vitalis anadzambatuka, nagwira zenera n'kulikankha ndi mphamvu zake zonse. Linakanabe. Analimenya ndi chibakera, n'kudzipweteka chala.

"Chitsanzo cha kudziwitsa," anatero mwamanyazi. "Zenera lafufuma. Silikutseguka."

Pabalaza panamveka kamphuno kaja, ulendo uno kosabisika bwino. Kenako mphasa inakokedwa kuchoka pakhomo kupita kukona ya kutali.

"Thadzi iwe, ine maso anga atopa. Ndikufunda nsalu kumutu, ndayang'ana kukhoma. Ngati pali mphepo yofuna kudutsa, idutse msanga, isandiponde."

Vitalis anatsegula chitseko cha chipinda pang'onopang'ono. Anaweramitsa mutu, maso ali pazala za kumapazi, manja atawagwira kutsogolo. M'mphepete mwa diso anangoona mulu wa nsalu yabuluu pakona, ndi thadzi lofiira likumuyang'ana ndi diso limodzi. Anadutsa pabalaza pake chonyang'ama ngati mlendo, natulukira pakhomo.

Panja pankawaza pang'ono. Lines anali akubwera, atafunda thumba kumutu, ndipo ataona mwamuna wake ataima pakhomo anaima chilili, dzanja lili pakamwa.

"Bambo! Mwachita chiyani? Mwawayankhula?"

"Ine ayi. Ndimawerenga. Lowa ukamasule katundu, mai akuuza zonse."

Anakoka njinga yake pansi pa khonde n'kupukuta chishalo ndi chipewa. A Laban anali atatuluka kale, kapu ya tiyi ili m'manja, akuyang'ana khomo, kuyang'ana zenera, kuyang'ananso khomo.

"Aa, a kalaliki! Khomo lija lapezeka? Analibisa kuti?"

"Musazolowere, a Laban," anayankha Vitalis akukwera njinga. "Madzulo mubwere ndi chopalira matabwa. Zenera lija ndilifunabe."

Anapalasa kulowera ku Limbe, matope akumuthimbiritsa buluku la ku Misa.